CIFUKWA CACE WAYA ATENTHA: ZA KUKANIZA KWA ZITSULO

Nkhani imene inakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi

 Ine ndine mwana pakati panu, ndipo sindinadze kudzaphunzitsa ondiphunzitsa. Ndadza ndi mutu umodzi wa m'phunziro la Sayansi umene ambiri a ife tiupitirira msanga, poganiza kuti uyenera ana a kusekondale okha. Mutuwo ndi uwu: waya ali yense, ngakhale wabwino kopambana, akaniza magetsi pang'ono pamene apita m'kati mwace.

Pali zifukwa ziwiri zimene ndasankhira nkhani imeneyi. Coyamba, dziko lathu la Zambia lidziwika ndi mkuwa, ndipo mkuwa wambiri umene anthu agula pa dziko lapansi upita ku nchito za magetsi. Koma mukafunsa mwana wa Giredi 7 cifukwa cace anthu akutali afuna mkuwa wathu, kawiri-kawiri angoyang'ana pansi. Caciwiri, magetsi a dzuwa afika tsopano m'midzi mwathu. Pa matsindwi a nyumba zambiri pali mapanelo a sola, m'kati muli batire, ndipo mawaya apita pansi pa udzu wouma. Amene alumikiza mawayawo nthawi zambiri ndi mnyamata amene anapita m'manja mwathu. Ngati sitinamuuze cifukwa cace waya atentha, palibe wina m'mudzimo amene adzamuuza.

MAU ATATU OYAMBIRA

Tisanapite patali tiyeni tigwirizane pa mau atatu. Ganizani za ngalande yothirira m'dimba. Kuti madzi ayende m'ngalandemo pafunika kutsetsereka kwa malo, kumene kuwakankha. Pali unyinji wa madzi amene apita pa malo amodzi pa kamphindi kali konse. Ndiponso pali zocedwetsa madziwo, monga kutalika kwa ngalande, kupanikizika kwace, ndi udzu womera m'menemo.

Magetsi nawonso ali ndi zitatu zotere. Mphamvu yokankha tiiyesa ndi ma volt: batire limodzi la tochi liri ndi 1.5, batire la galimoto 12, ndipo magetsi a m'nyumba za m'tauni 230. Unyinji wa magetsi opita m'waya tiuyesa ndi ma amp. Cocedwetsa cija, cimene mabuku a Cingerezi acichula resistance, ine ndidzacichula kukaniza, ndipo ticiyesa ndi ma ohm.

Zitatu izi zimangidwa ndi lamulo limodzi lalifupi: gawani ma volt ndi ma ohm, ndipo mudzapeza ma amp. Mukaika batire la ma volt 12 pa waya wa ma ohm 6, mupita ma amp 2. Mukaika batire lomwelo pa waya wa ma ohm 3, mupita ma amp 4. Mwana ali yense amene adziwa kugawa angathe kucita samu imeneyi.

MPHUNZITSI AMENE ANAPEZA LAMULOLI

Ciyenera kutilimbitsa mtima kudziwa kuti lamulo limeneli linapezedwa ndi mphunzitsi wa sukulu. Georg Simon Ohm anabadwa mu 1789 ku Erlangen, m'dziko la Germany. Atate wace anali wosula maloko, munthu amene anadziphunzitsa yekha masamu naphunzitsanso ana ace. Kuyambira 1817 Ohm anali kuphunzitsa masamu ndi sayansi pa sukulu ina mu mzinda wa Cologne, ndipo ataweruka anali kuyesa mawaya ndi zipangizo zimene zambiri anazikonza ndi manja ace.

Mabatire a masiku amenewo sanali okhulupirika, pakuti mphamvu yao inali kusintha-sintha munthu ali pakati pa kuyesa. Cotero mu 1826 iye anatenga zitsulo za mitundu iwiri, mkuwa ndi bismuth, nazilumikiza nsonga zace, naika mfundo imodzi m'madzi owira ndi inzace m'madzi oundana. Zitsulo ziwiri zotere zitulutsa magetsi ocepa koma osasintha. Pamenepo anatenga mawaya a mkuwa asanu ndi atatu, osiyana kutalika, nawaika mmodzi-mmodzi, nayang'ana m'mene singano ya kampasi inapatukira pa waya ali yense, nalemba zonse. Mu 1827 anasindikiza buku la zimene anapeza.

Anthu ophunzira a kwao sanalilandire msanga bukulo, ndipo Ohm anakhala zaka zingapo wopanda nchito yomuyenera. Koma mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linampatsa mendulo ya Copley, ndipo mu 1852 anakhala profesa ku Munich, kumene anamwalira mu 1854. Mu 1881 msonkhano wa akatswiri a magetsi a maiko ambiri, umene unacitika ku Paris, unabvomereza kuti muyeso wa kukaniza uzichedwa ndi dzina lace. Kuona maso a nkhono nkudekha.

ZINTHU ZINAI ZOSINTHA KUKANIZA

Kukaniza kwa waya kudalira zinthu zinai, ndipo ndipempha kuti ana athu azidziwe monga adziwa miyezi ya pa caka.

Coyamba ndi kutalika. Waya wa mamita 20 akaniza kawiri kuposa waya wa mamita 10 wa mtundu womwewo, monga ngalande yaitali icedwetsa madzi kuposa yaifupi.

Caciwiri ndi kunenepa. Waya wonenepa akaniza pang'ono, pakuti njira ya m'kati mwace ndi yotakata. Cimene tiyesa pano ndi kukula kwa nkhope ya waya pamene mwamudula pakati, ndipo muyeso wace ndi masikweya milimita. Pamene wogulitsa m'sitolo anena kuti uyu ndi waya wa 1.5, uyu wa 2.5, uyo wa 4, anena za muyeso umenewu. Waya wa 4 akaniza gawo limodzi la magawo anai a kukaniza kwa waya wa 1, akakhala olingana kutalika.

Cacitatu ndi mtundu wa citsulo. Pano ndinene kuti m'Cinyanja liu lakuti citsulo ligwira nchito ziwiri: litanthauza cija asulira makasu ndi nkhwangwa, ndiponso banja lonse la mkuwa, siliva, golidi, mtobvu ndi zina. Cotero ca makasuco ndidzacichula citsulo wamba.

Cacinai ndi kutentha. Zitsulo zosasakaniza zikaniza kwambiri pamene zatentha. Waya wa mkuwa amene waikidwa m'madzi owira akaniza koposa waya yemweyo ali wozizira, ndipo kuonjezekako kuli pafupi ndi gawo limodzi la magawo atatu. Humphry Davy wa ku England anali ataona kale zimenezi mu 1821.

Nali funso la ife tokha. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, ofukula zakale anapeza mu 1960 mitanda ya mkuwa, waya wa mkuwa ndi zipangizo zokokera waya, umboni wakuti osula a dziko lino anadziwa luso limeneli zaka mazana angapo zapitazo. Tsono wosula akakoka waya mmodzi kufikira kutalika kwace kwawirikiza kawiri, kukaniza kwace kuonjezeka kangati? Ambiri ayankha kuti kawiri. Yankho ndi kanai, pakuti mkuwa sunaonjezeke: pamene wayayo atalika kawiri, nkhope yace icepanso ndi theka, ndipo ziwiri zimenezi ziwirikizana.

KUKANIZA KWA WAYA NDI CIBADWA CA CITSULO

Apa ndi pamene ana, ndi akulu omwe, asokonezeka. Pali kukaniza kwa waya uyu amene ndamgwira m'manja, ndipo pali cibadwa ca citsulo cimene anapangira wayayo. Cibadwaci ndico mabuku acichula resistivity.

Fanizo lace nali. Tonse tidziwa kuti muwanga ndi mtengo wolemera ndipo mlambe ndi wopepuka. Koma kamtengo ka muwanga kolingana ndi cala sikalemera kuposa cipika cacikulu ca mlambe. Kulemera kwa cipika kudalira kukula kwace; cibadwa ca mtengo sicisintha, ngakhale cidutswa cikhale cacikulu kapena cacing'ono. Munthu wofuna kuweruza mitengo iwiriyo mwacilungamo ayenera kudula zidutswa zolingana naziika pa sikelo.

Comweconso ndi zitsulo. Kuti tione cibadwa cace, titenge mawaya olingana, ali yense wa mamita 100 ndi nkhope ya sikweya milimita imodzi, pa kutentha kwa madigiri 20. Kukaniza kwao kuli pafupi ndi uku:

Siliva, ma ohm 1.6
Mkuwa, ma ohm 1.7
Aluminiyamu, ma ohm 2.7
Tungsten, ma ohm 5.6
Citsulo wamba, ma ohm 10
Nichrome, ma ohm 110

Mndandanda uwu ndiwo yankho la funso lija la mwana wa Giredi 7. Pa zitsulo zonse, siliva yekha ndiye apambana mkuwa pa kupititsa magetsi, ndipo aupambana pang'ono cabe, pamene mtengo wace uli wokwera kutali-tali. Ngakhale golidi sakwanira pa mkuwa pa nchito imeneyi. Mkuwa upindika osathyoka, ukokeka kukhala waya woonda ngati tsitsi, ndipo sudyeka ndi dzimbiri monga citsulo wamba. Ndico cifukwa cace uli m'makina, m'mafoni, m'magalimoto ndi m'makoma a nyumba za maiko onse.

Mukakhala ndi mndandandawu mungathe kupeza kukaniza kwa waya ali yense. Tengani nambala ya citsulo cace, muicurukitse monga mwa kutalika, ndipo muigawe ndi kukula kwa nkhope yace. Waya wa mkuwa wa mamita 200 wa nkhope 1 akaniza ma ohm 3.4, wa mamita 200 wa nkhope 2 abwerera pa 1.7. Ndiponso mudzaona kuti waya wa mkuwa wamtali ndi woonda angathe kukaniza koposa kacitsulo wamba kakafupi ndi konenepa, monga cipika ca mlambe cija cinalemera kuposa kamtengo ka muwanga.

CIMENE CICITIKA M'KATI MWA WAYA

Mwana wanzeru adzafunsa kuti, "Nanga cimene cikaniza m'katimo nciani, popeza waya alibe udzu?" Ohm mwini sanathe kuyankha funso limeneli, pakuti tinthu tonyamula magetsi m'zitsulo, totchedwa maelekitironi, tinadziwika mu 1897 ndi nchito ya J. J. Thomson ku Cambridge, Ohm atamwalira kale.

Maatomu a citsulo akhala m'mizere yolongosoka, monga cimanga ca m'munda wobzalidwa ndi cingwe. Atomu iri yonse ya mkuwa imasula elekitironi imodzi, imene iyenda-yenda mwaufulu pakati pa mizereyo. Mukalumikiza batire, khamu lonse la maelekitironi liyamba kusendera mbali imodzi. Mizereyo ikadakhala yoongoka kotheratu ndi yosagwedezeka, iwo akadapyola osapunthwa. Koma ziripo ziwiri zowapunthwitsa.

Coyamba ndi kugwedezeka kwa maatomu. Kutentha kuli ngati mphepo m'munda: ikakula, mapesi aweramira uku ndi uku, ndipo ana othamanga pakati pa mizere agundana nao kawiri-kawiri. Ndico cifukwa cace citsulo cotentha cikaniza koposa cozizira. Pa kugundana kuli konse elekitironi isiya gawo la mphamvu yace m'citsulomo, ndipo mphamvu imeneyo isanduka kutentha. Waya atentha cifukwa ca cimeneci.

Caciwiri ndi maatomu acilendo, amene ali ngati zitsa zotsala m'munda. Onani nichrome uja: apangidwa posakaniza magawo anai a nickel ndi gawo limodzi la chromium. Nickel payekha akaniza pafupi ndi ma ohm 7 pa muyeso wathu uja, chromium pafupi ndi 13, koma zikasakanizidwa zifika pa 110. Mu 1857, pamene anali kukonza cingwe ca telegalafu codutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, William Thomson wa ku Glasgow, amene pambuyo pace anachedwa Lord Kelvin, anayesa mawaya a mkuwa ocokera kwa opanga osiyana, napeza kuti ngakhale aoneka ofanana, apititsa magetsi mosiyana kwambiri. Cifukwa cace cinali tizodetsa tocepa tosaoneka ndi maso. Iye anaumirira kuti mkuwa uziyesedwa usanalowe m'cingwe.

Cimeneci cikhudza migodi yathu. Mkuwa woturuka m'ng'anjo uli woyera pafupi-fupi magawo 99 pa 100, ndipo munthu wamba anganene kuti wakwana. Kwa opanga mawaya sunakwane. Uyenera kuyengedwanso ndi magetsi, monga acita ku Mufulira, kufikira magawo 99.99 pa 100, ndipo pamenepo ndi pamene ukokedwa kukhala waya m'mafakitale monga ya ZAMEFA ku Luanshya.

Ziripo zodabwitsa ziwiri zimene ana akondwera nazo. Cina ncakuti maelekitironi asendera pang'ono-pang'ono kwambiri: m'waya wa mkuwa wa nkhope 1 mopita amp imodzi, sakwanitsa theka la mita pa ola lathunthu, kotero kuti nkhono iwasiya m'mbuyo. Nyali iyaka nthawi yomweyo cifukwa waya ali wodzaza kale ndi maelekitironi, monga paipi yodzaza madzi imene iturutsa madzi kutsogolo pamene mwangopopa kumbuyo. Cinanso ncakuti mu 1911, ku Leiden m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury kufikira madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo kukaniza kwace kunatheratu. Zitsulo zina zicita cimodzimodzi pa kuzizira koopsa kotere, koma mkuwa ndi siliva sizitero.

MAWAYA A KU KARIBA

James Joule wa ku England anaonetsa mu 1841 kuti kutentha kwa waya kukula msanga kuposa magetsi opitamo. Ma amp akawirikiza kawiri, kutentha kuwirikiza kanai. Akawirikiza khumi, kutentha kuwirikiza ka 100. Lamulo limeneli ndilo lifotokoza nsanja zazitali zija zonyamula mawaya.

Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ndipo mu 1960 magetsi ace anayamba kufika ku Migodi, ulendo wa makilomita oposa 400. Waya wa utali wotere akaniza kwambiri, ngakhale anenepe. Nzeru yace ndi iyi: mphamvu yonse yotumizidwa ipezeka pocurukitsa ma volt ndi ma amp, cotero mukakweza ma volt mucepetsa ma amp, ndipo mphamvu yotumizidwa ikhala yomweyo. Magetsi a ku Kariba akwezedwa kufikira ma volt 330,000 asanayambe ulendo, kuti ma amp acepe ndi kuti mphamvu yotayika pa njira icepe koposa. Akafika, makina ochedwa thiransifoma awatsitsanso.

Mawaya a pa nsanjazo sali a mkuwa, koma a aluminiyamu wokulungidwa pa mtima wa citsulo colimba. Aluminiyamu akaniza koposa mkuwa, koma kulemera kwace sikufika gawo limodzi la magawo atatu a kulemera kwa mkuwa. Akamunenepetsa kuti alingane ndi mkuwa pa kukaniza, alemerabe pafupi ndi theka cabe, ndipo nsanja zingathe kutalikirana. Apa ana aphunzire kuti mmisiri sasankha citsulo poyang'ana cinthu cimodzi cokha.

KUKANIZA KULI NDI NCHITO YACE

Tisaphunzitse ana kuti kukaniza ndi mdani nthawi zonse. M'simbi ya magetsi ndi m'citofu muli waya wa nichrome, woikidwa dala cifukwa akaniza kwambiri ndipo afiira ndi moto osapsa. Cingwe copita ku simbiyo ndi ca mkuwa. Magetsi opita m'ziwirizo ndi amodzi-modzi, koma simbi itentha pamene cingwe cikhala cozizira, pakuti kutentha kubadwa pamene pali kukaniza kwakukulu. M'babu lakale la galasi muli kawaya ka tungsten kamene katentha kupitirira madigiri 2,000 kufikira kawala, ndipo kali kotentha kakaniza koposa kakhumi m'mene kakanizira kali kozizira.

Fyuzi nayonso ndi kawaya koonda koikidwa dala kuti kasungunuke pamene magetsi acuruka, mawaya a m'nyumba asanatenthe. Iri ngati mlonda amene adzipereka kuti mudzi upulumuke. Munthu amene aika msomali kapena waya wonenepa m'malo mwa fyuzi yopsa wacotsa mlondayo, ndipo tsiku la tsoka cimene cidzapsa ndi nyumba.

SAMU YA M'MUDZI MWATHU

Tsopano tibwere ku sola ija. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi batire la ma volt 12 m'nyumba yaikulu, ndipo afuna kupereka magetsi ku kanyumba kena kotalikira mamita 20, kumene nyali ndi wailesi ya kanema zifuna ma amp 5. Pofuna kusunga ndalama agula waya woonda wa nkhope 1. Magetsi apita ndi kubwerera, cotero waya yense ndi mamita 40, ndipo kukaniza kwace kuli pafupi ndi 0.7 ya ohm. Curukitsani ma amp 5 ndi 0.7: ma volt 3.5 athera m'njira, ndipo ofika ndi 8.5 okha. Koposa gawo limodzi la magawo anai a mphamvu imene panelo linasonkhanitsa tsiku lonse langotenthetsa waya. Nyali zicita cizimezime, kanema azima, ndipo mwini nyumba ayamba kunena kuti anamgulitsa batire lakufa.

Mankhwala ace ali awiri. Akagula waya wa nkhope 4, zotayika sizifika volt imodzi. Kapena akasendeza batire kuti likhale mamita 5 kucokera pa zipangizozo, waya woonda yemwe uja ataya zocepa cimodzimodzi. Wina adzati, "Koma kutauni ndinaona waya woonda wotere akugwira bwino nchito." Zoona, pakuti pa ma volt 230 zipangizo za mphamvu yomweyo zifuna pafupi ndi gawo limodzi la magawo anai a amp imodzi. Magetsi a batire, pokhala a ma volt ocepa, afuna waya wonenepa koposa.

Coopsa ceni-ceni ciri pa mfundo. Pamene mawaya awiri angopotedwa ndi zala, akhudzana pa malo ocepa, ndipo litsiro ndi dzimbiri zikalowapo, kukaniza konse kuunjikana pa kamalo kamodzi. Kamalo kameneko katentha, pulasitiki isungunuka, ndipo pamwamba pace pali udzu wa mwezi wa Okutobala. Ndiponso batire la galimoto, ngakhale siligwedeza munthu wolikhudza, lingathe kuturutsa ma amp mazana ngati mawaya ace awiri akhudzana, ndipo waya afiira pa kamphindi. Cifukwa cace fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, ndipo mfundo ziri zonse zimangidwe zolimba ndi kukutidwa bwino.

Ana afunsanso cifukwa cace mbalame itera pa waya wa magetsi osafa. Kacidutswa ka waya ka pakati pa mapazi ace kakaniza pang'ono zedi kuyerekeza ndi thupi lace, ndipo mbalameyo sikhudza cina ciri conse, cotero magetsi apitirira m'waya. Munthu woimirira pansi akakhudza waya yemweyo, thupi lace lisanduka njira yopita m'nthaka. Khungu lonyowa likaniza pang'ono kuposa louma, ndipo gawo limodzi la magawo khumi a amp imodzi likapita pa cifuwa likwanira kupha munthu. Tiwauze ana mosabisa kuti waya wogwa pansi sayandikiridwa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

M'MENE TINGAPHUNZITSIRE

Ena adzati, "Sukulu yathu iribe zipangizo." Zofunika ndi izi zokha: mabatire awiri a tochi, kababu kakale ka tochi kokhala ndi kawaya m'kati, zidutswa za waya wa mkuwa, cingwe cakutha ca buleki ya njinga, ndi kandulo. Masulani cingwe ca bulekico. Mudzapeza timawaya tambiri toonda ta citsulo.

Poyamba lumikizani babu ndi mabatire ndi mkuwa wokha, ana aone kuwala kwace. Kenaka ikani kawaya kamodzi ka buleki pa njira ya magetsiyo, ndipo mwana mmodzi ayendetse nsonga ya mkuwa pa kawayako, kuyambira pafupi kunka kutali. Kuwala kudzacepa pamene njira italika. Mukalumikiza timawaya tiwiri kapena titatu motsatana kudzaoneka bwino koposa. Ndiko kutalika. Pambuyo pace potani timawaya titatu pamodzi ngati cingwe, ndipo kuwala kudzabwerera. Ndiko kunenepa. Ikaninso kawaya ka mkuwa kolingana nako kutalika ndi kuonda, ana afanizire. Ndiwo mtundu wa citsulo. Potsiriza kulungani kawaya ka citsulo pa pensulo, mucotse pensuloyo, ndipo inu mwini mutenthe kawayako ndi kandulo: babu lidzacepa kuwala, ndipo kakazizira lidzawalanso. Ndiko kutentha. Tsekani mazenera kuti kusinthako kuoneke.

Ana asanaone cotsatira ciri conse, ayambe anena cimene ayembekeza, ndipo acilembe m'makope mwao. Pambuyo pace alembe cimene aona. Umu ndi m'mene Ohm anagwirira nchito. Koma lamulo limodzi likhale losasweka: zoyesa zonsezi zicitike ndi mabatire a tochi okha, osati batire la galimoto kapena magetsi a pa khoma.

A Pampando, pempho langa ndi laling'ono. Ali yense wa ife apatule phunziro limodzi m'temu ino la nkhani imeneyi, ndipo samu ija ya mamita 20 ilowe m'phunziro la masamu, ana apite nayo kwao akaione pa mawaya a m'nyumba za makolo ao. Amene adzapeza njira yoyesera yoposa imene ndachula alembere mkonzi wa kalata yathu, kuti tonse tipindule, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana amene wadziwa zinthu zinai zija adzadziwa cifukwa cace dziko lace likumba mkuwa, adzasankha waya woyenera m'sitolo, ndipo akaona mfundo yotentha pansi pa udzu adzaikonza moto usanabuke.